Ku Blackpool Pleasure Beach, tikiti yanu ikathere pa njanji za matabwa

Amene mukukonza zopita ku Blackpool Pleasure Beach, paki ya zisangalalo ya ku England, ndikutsineni khutu: zokoma za kumeneko zili m'matabwa. Chitsulo chachitali chofiira chimene chimaonekera munthu ukadali kutali m'mbali mwa nyanja, chotchedwa The Big One, n'chimene chimakopa anthu, ndipo geti likangotsegulidwa khamu limathamangira komweko. Koma m'munsi mwake muli ma roller coaster anayi a matabwa (njanji zokwera ndi kutsika zimene timasitima tonyamula anthu timathamangapo pofuna kuwasangalatsa), onse omangidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, ndipo amenewa ndiwo amachititsa kuti pakiyi isafanane ndi ina iliyonse ku Britain. Zitsulo zatsopano mukazipeza kulikonse kumene mungapite. Njanji ya matabwa ya 1923 imene ikunyamulabe anthu mpaka lero ndi yosowa.

Blackpool ndi tawuni ya m'mphepete mwa nyanja ya Irish Sea, m'chigawo cha Lancashire, kumpoto chakumadzulo kwa England. Pakiyi inayamba mu 1896 ndipo ikadali m'manja mwa banja limodzi, la a Thompson. Malo ake ndi ochepa, mahekitala 17 okha, ndiye chilichonse chatsopano chimene akhala akumanga pa zaka zonsezi amachita kuchilowetsa pakati pa zakale. Njanji ina imadutsa pansi pa inzake, ina pamwamba pa njira ya anthu oyenda pansi, ina imazimirira kuseri kwa nyumba n'kukatulukira kumene sumayembekezera. Ukaima pakati pa paki phokoso limachokera mbali zonse, koma pakapita kanthawi khutu limayamba kusiyanitsa. Zachitsulo zimangoti fyuu, zadutsa. Zamatabwa zimagunda mopitiriza, gudugudu, ndipo kugundako umakumvera m'mapazi momwe.

Kufikako n'kosavuta. Ife tinakwera sitima ku Preston n'kutsikira pa siteshoni imene ili pambali penipeni pa pakiyo, ndipo amene ali kale m'tawuni akhoza kukwera tram, kasitima ka magetsi koyenda m'mbali mwa nyanja. Tikiti mugulire pa intaneti tsiku lisanafike, chifukwa ya pageti mapaundi ake amakwererapo. Ndi tikiti imodziyo mumakwera chilichonse kambirimbiri mmene mungafunire. M'miyezi yozizira kwambiri pakiyi imatseka, ndipo ngakhale dzuwa liwale chotani, jekete musaisiye. Mphepo ya panyanja imeneyi sinyengerera munthu.

Ndinali ndi mwana wa mchemwali wanga, mnyamata woti amadziwa dzina la kampani iliyonse yopanga ma roller coaster, kutalika kwake ndi liwiro lake, zonse zoonera pa YouTube. Nditamulozera Big Dipper anapukusa mutu.

"Amalume, imeneyo ndi ya agogo. Mamita 20 okha? Tiyeni ku Icon."

Ndinamuuza kuti amene walipira ndi amene amasankha koyambira.

Big Dipper inatsegulidwa mu 1923. Anaijambula ndi John A. Miller wa ku America, munthu amene nzeru zake zili m'ma roller coaster pafupifupi onse amene akuyenda lero, ndipo mu 1936 anaitalikitsa kuti ifike mmene ililimu. Choyamba kukudabwitsa ndi mpando. Ndi benchi la khushoni yofewa, la anthu awiri, lopanda chogawa pakati. Chitsulo chimodzi chimatsika n'kukutsekerani nonse pamwamba pa ntchafu, koma sichikupanikizani. Ndinayesa kulowetsa chibakera pakati pa chitsulocho ndi mwendo wanga, chinalowa bwinobwino. M'mapewa mulibe chokugwira. Mnyamata wogwira ntchito pamenepo anadutsa akugwedeza chitsulo chilichonse kuti aone ngati chatsekeka, anapereka chizindikiro kwa mnzake, sitima n'kunyamuka mwaulesi ikulira kwiii pokhota.

Pofika pa chikweza tcheni imakola sitima mwadzidzidzi, msana n'kugunda kumpando, kenako kumayamba kulira kuja aliyense amakudziwa: kha, kha, kha, kha. Ambiri amayesa kuti ndi tcheniyo ikulira. Ayi, ndi kachitsulo ka kunsi kwa bogi kamene kamagwera pa mano achitsulo oikidwa m'chikweza monse. Tcheni itati yaduka, kachitsuloko kangakole pa dzino lapafupi ndipo sitima singabwerere chambuyo. Ndiye phokoso limene limaonjezera nthumanzi lija ndi la chinthu chimene chikukuteteza. Pamwamba sitima imazungulira kansanja mosafulumira, n'kukupatsa mpata woona nyanja yotuwa, madenga a nyumba zogona alendo, ndi nsanja yaitali ya Blackpool Tower chapatali kumpoto. Ukamati uloze, mutu wa sitima wazimirira kale kutsogoloko.

Mtsetse wake si wautali, koma pa chitunda chilichonse chotsatira thupi limanyamuka. Matako amasiyana ndi khushoni, ntchafu zimakagunda chitsulo chija, m'mimba mumati myuu, kenako pofika m'chigwa umabwerera pampando kuti khu, khushoni n'kukulandira. Mpata ndinauyesa ndi chibakera uja ntchito yake ndi imeneyi. Liwiro lake likafika pachimake ndi makilomita 64 pa ola, loti pamsewu waukulu anzako angakuimbire hutala kuti upatuke. Koma pano matabwa akudutsa pafupi ndi chigongono, mizati yoyera ikuthwanima m'maso, bogi yonse ili gwedegwede, ndipo pokhota mnzako wa pambali amakugwera ndi thupi lonse. Mnyamata uja, mwini wake wa mawu akuti ndi ya agogo, anakuwa kuyambira pa chitunda chachiwiri mpaka pa mabuleki. Titatsika anati ankangoseka.

Kugwedera kumeneku n'kumene kumagawanitsa anthu. Ena amati ndi umboni woti chinthucho chatha, ena amati kukoma kwake n'komweko. Kuti umvetse uyenera kuiyang'ana njanjiyo pafupi, ndipo m'paki yothinana ngati iyi mipata yotero ilipo yambiri. Njanji ya mtundu umenewu ndi matabwa angapo osanjikizana, okhomedwa ndi misomali n'kumangidwa ndi mabawuti, ndipo pamwamba pake amayalapo chitsulo chopyapyala choti mawilo aziyendapo. Matabwa apamwamba amakhala otambalala kuposa apansi, moti amasiya mlomo cham'kati. Mawilo ndi achitsulo, ndipo alipo a mitundu itatu: oyenda pamwamba, ogwira m'mbali, ndi ogwira kunsi kwa mlomo uja. Chitsulo chikuyenda pa chitsulo chinzake popanda labala kapena pulasitiki pakati, ndiye phokoso lilekerenji.

Komanso mawilo a m'mbali ndi akunsi aja sagwira njanji nthawi zonse. Amasiyirako kampata, apo ayi sitima ingakanirire pokhota. Choncho bogi imasewera: yagunda kumanzere, yabwerera kumanja, yanyamuka pang'ono, yakhalanso. Onjezanipo kuti thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, likauma n'kubwerera, ndiponso kuti njanji yonseyo anaipinda ndi kuikhoma ndi manja akalipentala ali pomwepo, sinachokere m'makina a fakitale. Mukaima pansi sitima ikamadutsa pokhota, muona mizati ikuwerama pang'ono n'kuwongokanso. Musathawe, anaimanga dala kuti izitero. Chimango chouma gwa chikanathyoka kalekale.

Mawilo akunsi aja ndiwo nzeru ya Miller, imene anailembetsa mu 1919. Asanabwere, sitima inkangokhala panjanji chifukwa cha kulemera kwake, ndipo ikanati ithamange kwambiri pa chitunda ikanauluka. N'chifukwa chake ma roller coaster akale kwambiri ankakhala ndi munthu wa mabuleki wokwera limodzi ndi anthu, n'kumachepetsa liwiro ndi dzanja. Oterowo akadalipo owerengeka: ku paki ya Tivoli mumzinda wa Copenhagen kuli ya 1914, ku Great Yarmouth kum'mawa kwa England kuli ya 1932. Big Dipper ndi ya m'badwo woyamba umene unamasuka ku zimenezo, ndipo ukaikwera umachita kumva kuti omanga ake anali atangoipeza nzeruyi ndipo sanafune kuiumira. Chitunda chilichonse anachipanga kuti chikuponye m'mwamba.

Koma imene inanditenga mtima ndi Grand National ya 1935, yojambulidwa ndi Charles Paige. Dzinali ndi la mpikisano wotchuka wa mahatchi umene umachitikira ku Aintree, kufupi ndi Liverpool, ndipo nayonso ndi mpikisano. Sitima ziwiri zimanyamuka nthawi imodzi, zimasiyana kaye potuluka mu siteshoni, n'kukakumana pa chikweza zili moyandikana, bogi kuyang'anizana ndi bogi inzake. Apa m'pamene anthu osadziwana amayamba kuputana. Amayi ena a imvi mu sitima inayo anandiloza ndi chala n'kugwedeza mutu kuti lero muona, ine n'kuwabwezera chimodzimodzi. Pamwamba mumadutsa pansi pa chikwangwani cholembedwa mawu amene amakuwa mahatchi akanyamuka, kenako sitima zonse ziwiri zimagwera pamodzi. Mtsetse woyambawo uli ndi kasitepe pakati, moti umagwa kawiri: ukamati basi ndafika, pansi pachokanso.

Iyi ndiye imakupeta ngati uli m'lichero. Big Dipper imakunyamula n'kukukhazika mwaulemu. Grand National imakunyamula, kukukankhira kumbali, kukugwetsa, usanakhazikike n'komwe yakunyamulanso. Malo ena anawapatsa maina a mipanda ya ku Aintree, Becher's Brook, Valentine's, Canal Turn, koma ndani angawerenge chikwangwani mano akugundana? Maso onse amakhala pa sitima inayo. Pokhota paliponse sitima ya m'kati imatsogola popeza njira yake ndi yaifupi, ndiye pokhota potsatira zinthu zimatembenuka, amene amakusekani aja n'kuyamba kukuonerani kumsana. Sitima yolemera imathamanga kuposa yopepuka, choncho amene akudziwa amayamba awerenga kaye matupi a anthu pamzere asanasankhe mbali. Chakumapeto njanji imalowa m'kati mwa chimango chake chomwe, mitanda ikudutsa pamwamba pa mutu, ndipo khosi limadzipinda lokha ngakhale ukudziwa kuti singakukhudze. Sitima yathu inaluza ndi bogi imodzi, ndipo amayi aja anaonetsetsa kuti ndadziwa.

Chodabwitsa china chimabwera potsika. Ukakwerera kumanzere kwa siteshoni umatsikira kumanja, ndipo umaona anthu ataima kakasi, akuyang'ana uku ndi uku kuti asinthira pati njanji. Sanasinthe paliponse. Njanjiyo ndi imodzi yokha yozungulira kawiri, ndipo sitima iliyonse imayenda theka lake pa ulendo umodzi. Zamatabwa zomangidwa motere zinatsala zitatu padziko lonse, ndipo ya ku Mexico City itatsekedwa mu 2019 yatsala iyi ndi Racer ya ku paki ya Kennywood ku Pennsylvania, m'dziko la America, ya 1927. Ndiye amene akufuna kunena kuti waimaliza Grand National ayenera kukwera mbali zonse ziwiri.

Ndikamaganiza chimene chinandisangalatsa kwambiri pamenepa, si kugwa kapena liwiro. Ndi nkhope za anthu. Pa ma roller coaster amakono aliyense amakhala m'kampando kake, womangidwa payekha, akuyang'ana kutsogolo. Apa mumagawana benchi, mumagundana mapewa, mumaona mlendo wa m'sitima inayo atatsegula pakamwa chimodzimodzi ngati inu. Anthu amatsika akulankhulana ngati anadziwana kale. Pa zina zonse zimene tinakwera tsiku limenelo sindinazione zimenezi.

Zamatabwa zina ziwirizo ndizidutse msanga. Nickelodeon Streak ya 1933, yopakidwa penti ya olenji, ili m'chigawo cha ana, mipando yake ndi yakuya ndi yofewa, ndipo zitunda zake zimakunyamula mosakuopseza. Chikweza chake n'chakale kuposa iyo yomwe, anachitenga ku ina ya 1909 imene inali m'paki yomweyi. Munthu amene sanakwerepo yamatabwa ayambire pamenepa. Blue Flyer ya 1934 ndi ya tiana, ndipo wamkulu akakweramo mawondo amafika pachibwano.

Anthu ambiri amaganiza kuti chinthu chikakalamba kwambiri m'pamene chimazunza thupi kwambiri. Msana wangawu ukutsutsa. Zamatabwa zimagwedeza, inde, koma khushoni ndi thabwa zimameza zambiri. Zouma mtima kwenikweni ndi zachitsulo za m'zaka za m'ma 1970 mpaka m'ma 1990, ndipo Blackpool ili ndi zitatu zopangidwa ndi Arrow, kampani ya ku America imene inayambitsa njanji za mapaipi achitsulo pomanga Matterhorn ya ku Disneyland mu 1959. Chitsulo sichiwerama ngati thabwa. Chimene wojambula analemba papepala chimafika m'thupi mwako chonse, osachotserako.

Steeplechase ya 1977 ndi yoseketsa kuposa zonse. Umakwera pamsana pa hatchi yochita kupanga, mwendo uku mwendo uku, lamba m'chiuno basi, ndipo pali njanji zitatu zoti mahatchi azipikisana. Anaitsegulira ndi Red Rum, hatchi yeniyeni imene inapambana mpikisano wa ku Aintree katatu, ndipo ya mtundu wake yatsala yokhayi padziko. Siithamanga, koma pokhota hatchi imakhota yokha iwe thupi likufuna kupitirira, ndiye umakakamira chogwirira ndi manja onse uku ukuseka chikhakhali. Revolution ya 1979 imayamba ndi masitepe ambirimbiri, moti umafika pamwamba uli wefuwefu usanakwere n'komwe. Imakuponya kutsogolo, kukutembenuza chadodolido kamodzi, kuima kutsidya, kenako kubwereza zomwezo chambuyo. Ulendo wobwererawo ndi umene umasokoneza mutu, chifukwa maso saona kumene ukupita. Yonse imatha usanameze malovu.

The Big One inatsegulidwa mu 1994 ili yaitali kuposa ina iliyonse padziko pa nthawiyo, mamita 65 kupita m'mwamba, ndipo imafika makilomita 119 pa ola. Kukwera chikweza chake kumatenga nthawi yoti munthu n'kulapa machimo onse. Mtsetse woyamba, umene umapotokera kumanja ngati ukukakuponya m'nyanja, ndi chinthu choti aliyense wokonda zimenezi akachilawe. Pambuyo pake m'pamene umaumva msinkhu wake. Njanji imayenda mowongoka, kenako pokhota pamangofika mwadzidzidzi, thupi la kumtunda n'kutsalira. Chifukwa chake n'chakuti m'nthawi imeneyo ankapendeketsa njanji mozungulira njanjiyo, pomwe wokwera wakhala pamwamba pake, ndiye mutu ndi mapewa zimakankhidwira kumbali. Akatswiri a pambuyo pake, motsogozedwa ndi injiniya wa ku Germany Werner Stengel, anayamba kupinda njanji mozungulira chifuwa cha wokwerayo, kuti munthu azitembenuka ali pamalo amodzi njanji ndi imene izisuntha. Kusiyana konse kwa zakale ndi zatsopano zachitsulo kwagona pamenepa. M'zaka zaposachedwapa eni paki akhala akusintha zigawo za njanji ya Big One, ndipo malo atsopanowo amadziwika ndi kusalala kwake.

Kenako tinafika ku Icon kuja mnyamata ankalirira. Ndi ya 2018, yopangidwa ndi kampani ya Mack ya ku Germany. Ilibe tcheni: maginito amaikankha kawiri, ndipo imakafika makilomita 85 pa ola ikulowa ndi kutuluka pakati pa zinzake zakale zija. Mawilo ake ndi okutidwa ndi pulasitiki ndipo amaigwira njanji mbali zonse popanda mpata. Mpando unaumbidwa motsatira thupi. Imakutembenuza mutu pansi iwe osamva kugunda kulikonse, phokoso lokhalo ndi la mphepo ndi la anthu. Ndi ntchito yaukatswiri ndithu, palibe angatsutse.

"Amalume, iyi ndiye roller coaster. Zanu zija ndi chilango."

Sitinagwirizane, ndipo mpaka pano sitinagwirizanebe. Mbali yanga ndi iyi: patangopita ola limodzi sindikanatha kufotokoza kuti pa Icon chinayamba n'chiyani, chinatsatira n'chiyani. Zonse zinasungunukira pamodzi. Ukaikwera kawiri umalandira chinthu chomwecho kawiri, chifukwa anaipanga kuti isamasinthe. Yamatabwa imasintha ndi mpando umene wakhala, kulemera kwa anthu amene akwera, nyengo, ngakhale nthawi ya tsiku. Pa Icon mantha amachokera ku zimene maso akuona. Pa Grand National amachokera ku zimene thupi likumva, ndipo thupi silikhulupirira msanga kuti zonse zili bwino. Mnyamatayo akuti imeneyo ndi nkhani ya anthu okalamba ofuna kutamanda zinthu za msinkhu wawo. Ndinamukumbutsa kuti mu 1935 ngakhale agogo ake anali asanabadwe.

Zakalezi zili ndi kakweredwe kake, ndipo ambiri amene amatsika akudandaula amakhala kuti anakhala molakwika. Mpando umene uli pamwamba penipeni pa mawilo umalandira kugunda konse, ndipo imeneyi imakhala mizere ya kutsogolo ndi ya kumbuyo kwa bogi iliyonse. Wofuna mtendere asankhe mzere wapakati pa bogi. Kumchira kwa sitima n'kumene kumakoka mwamphamvu potsika, kumutu n'kofatsirako ndipo umaona njanji ikubwera. Msana musaukanikize kumpando, chifukwa mukatero kugwedera konse kwa bogi kumalowa m'mafupa. Weramirani kutsogolo pang'ono, gwirani chitsulo, pondani pansi mwamphamvu, ndipo thupi mulisiye lomasuka kuti lizitsatira sitima. Amene amauma thupi ndi mantha ndi amene amamva kuwawa mawa lake. Pa Revolution, imene ili ndi chogwira m'mapewa, ndi zosiyana: mutu utsamire kumbuyo.

Nthawi nayonso ili ndi gawo lake. M'mawa girizi wa m'mawilo amakhala wozizira ndi wolimba, sitima zimayenda mwaulesi. Pofika madzulo zatenthedwa, ndipo Grand National ya madzulo ndi chilombo china poyerekeza ndi ya m'mawa. Kukawaza kamvula njanji imaterera, liwiro n'kuonjezekera. Ndiye ngati muli ndi ana kapena munthu wamantha, zamatabwa muyambire m'mawa. Ngati mukufuna kuzimva mphamvu zake zonse, muzisungire kumapeto. Foni, makiyi ndi magalasi zikhale m'thumba lotseka ndi zipi, chifukwa chimene chimanyamula matako chimanyamulanso za m'thumba.

Zikwangwani za pakhomo pa chilichonse zimachenjeza amayi oyembekezera ndi anthu a vuto la msana, khosi kapena mtima, ndipo pa zamatabwa ndi za Arrow zija chenjezolo mulitenge kuti ndi lenileni. Ana amawayeza msinkhu, ndipo ogwira ntchito sanyengerereka ngakhale mwana alire chotani. Koma za kuopa kuti chinthu cha zaka 100 chikugwerani, mtima ukhale m'malo. Njanji za matabwa amaziyendera wapansi m'mawa uliwonse paki isanatsegulidwe, kuyang'ana mabawuti omasuka ndi matabwa ong'aluka, ndipo matabwawo amasinthidwa chigawo ndi chigawo chaka ndi chaka. Chakale ndi kapangidwe kake ndi njira imene sitima imadutsa, osati thabwa lililonse limene mukuliona.

Ntchito yotereyi imadya ndalama ndipo imafuna akalipentala odziwa, n'chifukwa chake mapaki ambiri anagwetsa zawo. Ngakhale Blackpool yomweyi inali ndi yachisanu, Wild Mouse ya 1958, ya timabogi ta anthu awiri tokhota mwankhanza, imene inachotsedwa nyengo ya 2017 itatha, ndipo okonda zimenezi akuilirabe. M'chaka chomwecho Big Dipper ndi Grand National zinalowa m'kaundula wa boma wa zomangamanga zotetezedwa ku England, kotero kuzigwetsa sikungakhale kwapafupi. Mukatopa ndi kugwedezeka, kapumireni pa Flying Machines ya 1904, chinthu chakale kuposa zonse m'pakimo. Ndi timaroketi tolendewera pa zingwe tozungulira mlongoti, ndipo anaipanga ndi Hiram Maxim, yemwe uja anapanga mfuti ya chiwaya yotchedwa dzina lake. Imayamba ngati yosaopsa, koma ikafika pa liwiro lake timaroketi timatambasukira kunja, mphepo ya panyanja n'kukuwomba kumaso mpaka misozi.

Musanalipire tikiti, yang'anani kaye pa intaneti kuti ndi ziti zimene zikuyenda tsiku limenelo, chifukwa yamatabwa ikhoza kutsekedwa pamene akusintha njanji, ndipo kupita ulendo wonsewo n'kukapeza Grand National yotseka kungakhale kutaya mapaundi. Big One nayo imaima mphepo ikakula, zimene zimachitika kawirikawiri m'mbali mwa nyanja imeneyi. Mukaona m'mawa kuli bata, ikwereni nthawi yomweyo mphepo isanadzuke, kenako tsiku lotsalalo mulipereke ku matabwa.